Apongozi Anagwira Paipi

Zaka zoyamba za matipate munthu aliyense m'dziko muno anapatsidwa ufulu wolankhula, kupatula anthu awiri a pakhomo panga kwa Nazombe: amayi anga ondibereka ndi mwamuna wanga, bambo a Tadala. Kwathu mkamwini salankhula ndi apongozi ake aakazi. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira m'chinangwa mpaka winayo adutse. Mwambowu uli ndi pothera pake. Ana akabadwa, apongozi amapha nkhuku, kuphika, n'kukaiika okha pamaso pa mkamwini, basi amasukirana. Ife tinali titabereka ana atatu, wachinayi ali m'mimba, koma nkhuku za amayi zinkangofa ndi chitopa chokha.

Mlandu wake unali galimoto. Bambo a Tadala atalandira kangachepe kopumira ntchito ku esiteti ya tiyi ku Mulanje, amayi anayembekeza kuona malata padenga la mwana wawo. M'malo mwa malata kunabwera chigalimoto chakale cha ku esitetiko, chija chokoka ndi matayala onse anayi, chokwera mapiri tsiku limene chakondwa. Pachitseko mwini wake analemba ndi penti yofiira kuti NYALUGWE WA MICHESI. Amayi ankachitcha ngolo. Poti sakanatha kuuza mwini wake pamaso, ankatuma ine. Ntchito yanga m'banjamo inali ya telefoni: "Kamuuze mwamuna wakoyo," "Kawauzeni amayi," anthu atakhala bwalo limodzi, akumvana bwinobwino ndi makutu awo.

Uthenga unabwera ndi munthu wapanjinga wogula chimanga ku Mozambique. A Rozina, mng'ono wawo wa amayi, amene anakwatiwa kutsidyako nkhondo isanayambe, amene tinawalira maliro opanda mtembo, anali moyo. Koma anali gone pamphasa, chakudya atasiya, akungotchula dzina la amayi.

"Ngati mukufuna kuwapeza akupuma, musadikire Lamulungu," anatero munthuyo.

Iye ndi njinga yake ankadutsa njira zachidule za m'tchire. Mawondo a amayi sakanafika ngakhale pachigayo. Mudzi wa a Rozina unali kupitirira Milange, njira ya ku Molumbo, kumene minibasi ankangozimvera mbiri. Panatsala ngolo basi.

M'mawa mwake amayi anandiitana. "Iwe Esi, kamuuze kuti ngati ngolo yakeyo ikuyenda, ine ndikufuna ndikaone m'bale wanga."

Bambo a Tadala anali poteropo, akunola chikwanje. "Amake Tadala, kawauzeni amayi kuti Nyalugwe sanakanepo ulendo."

Zinali zoona. Sankakana, ankangofera panjira.

Ana tinawasiya ndi mchemwali wanga. Amayi anamanga kalongonda m'kathumba, shuga m'katoni, sopo wamtanda watsopano, ndi thadzi lakuda lonenepa loti a Rozina akamwe msuzi. Iwo anayala mphasa kumbuyo, kufulatira oyendetsa, nkhuku pamiyendo. Ine ndi mimba yanga tinakhala kutsogolo. Pakati pathu panali kazenera kakang'ono ka galasi lokankha, ndiye kanali ofesi yanga.

Tisanafike ndi pa Chiringa pomwe, ndinamva go go go pagalasipo.

"Kamuuze kuti ngoloyi ikununkha petulo."

Ndinapereka uthengawo.

"Galimoto ya petulo inunkhe chiyani, mafuta odzola?"

"Akuti ayang'ana," ndinatero pakazenerapo. Telefoni yabwino imasefa mawu.

Pa Chiringa tinaima kuti titole anthu a matola, petulo sagulidwa ndi chisoni. Anakwera amayi awiri a matumba a nandolo otsikira kwa Nkhulambe, ndi bambo wina wogulitsa kaunjika, a Wayisoni, wa mabelo awiri ndi pakamwa pamodzi posatseka. Ananyinyirika ndi mtengo mpaka anatsitsiridwa, kenako n'kukhala pabelo lawo ngati galimotoyo anagula ndi iwo. Bambo a Tadala anatsegula boneti mwakachetechete, ngati akungofuna kuona madzi. Pambali pa injini, kachitsulo kaja amati kabuleta kanali konyowa, dontho likulendewera kunsi kwake.

Kabuleta ndinali nditamudziwa kale, poti ndinkamupeza pa mphasa yanga yodyera kawirikawiri kuposa alendo. Ndi amene amasakaniza petulo ndi mpweya injini isanadye. Kunsi kwake kuli kambale kamene petulo amadikiriramo. M'kambalemo mumayandama kachitini kamkuwa kotchedwa fuloti, ndipo petulo akadzaza, fulotiyo imakwera n'kukankha kasingano kotseka polowera. Kasinganoko kakapanda kutseka, petulo amangobwera ngati abale pa nthawi yokolola.

"Ndi paipi iyi," anatero a Wayisoni, mutu uli kale m'boneti. "Ine ndinayendapo ndi malole mpaka ku Beira. Matenda awa ndimawadziwa ndi fungo."

Wogulitsa nzimbe anati ndi thanki. Wokonza njinga anati ndi pampu. Munthu wina amene anangodutsa ndi mbuzi anati injini yonse yatha. Inali nthawi ya matipate, aliyense anaponya voti yake. Paipi yolowetsa petulo inalidi yong'aluka kukamwa, choncho bambo a Tadala anaidula kansonga, kuibwezera, n'kuimanga ndi waya. Anapukuta manja pa buluku.

"Kawauzeni amayi kuti kwatha."

"Kamuuze kuti ndamva," anatero amayi, osatembenuka.

Msewu wochoka pa Chiringa kuzungulira kuseri kwa phiri kupita ku Muloza ankati ndi msewu chifukwa chosowa dzina lina. Mwana m'mimbamo anayamba kuvina tchopa. Phiri linali kudzanja lamanja, lokongola kwa anthu amene galimoto yawo siikudontha. Tisanafike kwa Nkhulambe, go go go.

Ulendo uno paipi inali youma, yonyada ndi waya wake. Petulo ankatuluka mumsoko wa kambale kaja, pamene kamakumana ndi thupi la kabuleta. Bambo a Tadala anamasula timabawuti, kuika m'chipewa kuti tisatayike, n'kupeza gasiketi itafumbutuka. A Wayisoni anagwedeza mutu mwachisoni.

"Ndinanena ine kuti ndi gasiketi."

Gasiketi yatsopano inadulidwa pa katoni ya shuga wa a Rozina, ndi mpeni wosendera chinangwa wa mayi mmodzi wa nandolo. Yoyamba inang'ambika. Yachiwiri inaphonya mabowo. Yachitatu inakhala, koma msoko unkatulutsabe thukuta. Mankhwala ake amadziwika ndi aliyense woyendetsa chiphapha: sopo wamtanda, poti petulo samusungunula. Ndipo m'galimoto monsemo sopo anali ndi munthu mmodzi.

Bambo a Tadala anayang'ana phiri. "Amake Tadala, kawapempheni amayi kachidutswa."

Amayi anamasula mpango pang'onopang'ono, kudula sopoyo kakang'ono kwambiri, koti ungatayike nako m'chikhadabo. "Kamuuze kuti akusambitsa ngolo ndi sopo wa wodwala."

"Akuti mugwiritse bwino ntchito," ndinatero.

"Ndamva zimene anena," anatero bambo a Tadala chapansipansi, akumata.

Dzuwa linali litafika pamutu. Amayi a nandolo aja anasenza matumba awo n'kumaliza ulendo wawo pansi, akuti kunali kwachangu. Sanalakwe.

Ku Muloza tinafika kutapendeka. A Wayisoni anatsitsa mabelo awo, natisiyira malangizo aulere: "Ikadzayambanso, mudzaimenye ndi sipanala pakambalepo. Kasingano kamagona tulo." Tinalowa mu ofesi ya pamalire kufuna ziphaso zodutsira. Wodinda anali atapita kukadya. Atabwera, wa mapepala a galimoto ndiye anapita kukadya. Ndinakhala pabenchi miyendo itatupa, ndikuwerenga chithunzi cha matenda a kolera mpaka ndinachiloweza. Amayi sanatsike. Ndinkawaona pazenera atakhala chimodzimodzi, akumwetsa nkhuku madzi pachivundikiro cha botolo, maso ali kutsidya kwa mtsinje.

Titawoloka mlatho, mbali ya Mozambique, tinaimikidwa ndi msilikali wa ndudu pakamwa. Anazungulira Nyalugwe mwaulemu wonse, n'kuima pomwe pansi panali patayamba kuda ndi kunyowa. Injini ikulira, petulo ankatsika mokondwa, osatinso madontho. Ine ndinatsika n'kupita kutali ndithu, kuiwala kuti miyendo yatupa. Bambo a Tadala anazimitsa, kutsegula boneti, n'kugogoda kambale ndi sipanala: kho kho kho. Atalizanso, kudontha kunasiya. Zinandipweteka mtima kuti a Wayisoni anena zoona kamodzi.

Msilikaliyo za petulo analibe nazo ntchito. Diso lake linali pa thadzi. Analankhula Chipwitikizi chambirimbiri, chala chikuloza nkhuku, kenako chikuloza mimba yake. Bambo a Tadala anayamba kusisita m'thumba. Amayi anangokumbatira nkhuku ija n'kumuyankha m'Chilomwe, chija cha kumudzi chosasakaniza, kuti nkhukuyi ndi ya mng'ono wawo amene akufa, ndipo ngati iye anabadwa kwa mkazi aitenge. Mnyamatayo anachotsa ndudu pakamwa. Anayankha m'Chilomwe chomwecho, kuwatchula kuti amayi, n'kukweza mtengo wotchinga msewu. Apa telefoni sinafunike.

Kuchoka pamenepo kufika m'tauni ya Milange ndi pafupi, koma sipanala inagwira ntchito katatu kapena kupitirira, sindinawerenge. Pafupi ndi msika Nyalugwe anatsokomola, kutulutsa utsi wakuda bii, n'kufa. Kumenya sikunathandizenso. Petulo ankasefukira pakhosi penipeni pa kabuleta. Bambo a Tadala anamasulanso kambale, gasiketi ya shuga n'kung'ambika, anatulutsa fuloti n'kuigwedeza pakhutu. Ngakhale ine ndinamva: chuku chuku. Kachitini kamene kanayenera kuyandama kanali katamwa petulo kudzera pa kabowo kosaoneka, n'kumira. Kasingano sikankagona tulo ayi, kanalibe wokakankha. Tsiku lonse tinkamanga waya ndi kumata sopo wa wodwala pamene matenda anali m'kati.

Fuloti ina m'tauni monsemo munalibe. Wina anatiuza kuti galimoto za mtundu umenewu zinathera kunkhondo. Anatilozera kwa mmisiri wokhoma ndowa kuseri kwa msika, bambo wodekha wa magalasi omanga ndi ulusi. Iye anaviika fuloti m'madzi otentha, tithovu n'kuyamba kutuluka pamsoko, kabowo kaja kanapezeka. Anakhuthula petulo, kuumitsa, n'kuwotcherera ndi mtovu. Anali munthu wosaumira. Anawotcherera bowolo, kuwonjezera pambali kuopa mawa, n'kuzunguliza msoko wonse monga amachitira ndi ndowa.

"Iyi sidzadonthanso mpaka Yesu adzabwere," anatero.

Sinadonthedi. Bambo a Tadala anaiika m'chitini cha petulo kuti aone, ndipo inapita pansi ngati mwala. Kuyesa kupala mtovuwo, mkuwa wakalewo unabooka malo awiri atsopano. Dzuwa linalowa tili pomwepo, ndipo tinagona pakhonde la tchalitchi china.

Kutacha ndinapeza amayi atakhala pa sitepe, tiyi amene ndinawagulira atazizira pambali. Sanandiuze kuti ndikauze munthu aliyense. Analankhula ndi ine ndemwe.

"Esi, Rozina ndinamulira kale kamodzi ali moyo. Kachiwiri kano ndimafuna ndimulire nditamuona."

Ndinakwiya ndi galimoto, ndi mwini wake, ndi mmisiri wa ndowa, ndi malata amene sitinagule, koma pansi pa mkwiyowo panali mantha. Linali Lachisanu. Ndinatembenuka n'kuona bambo a Tadala ataima kuseri kwa chipilala, chipewa m'manja. Anali atamva, monga ankamvera zonse.

Anapita kumsika n'kubwera ndi paipi yaitali yoonekera m'kati ndi zigubu ziwiri. Anakhuthula petulo yense wa m'thanki, kumanga chigubu chimodzi padenga ndi zingwe za mphira, n'kudutsitsa paipiyo pazenera la mbali yanga, pamwamba pa mpando, kulowa pabowo la pansi pa dashibodi mpaka ku kabuleta. Fuloti anaiponya m'thumba la malaya.

"Amake Tadala, kuyambira pano fuloti ndinu. Ndikati tsinani, mupinde paipiyi. Ndikati tayani, mumasule pang'ono. Mukataya kwambiri injini itsamwa, mukatsina kwambiri ifa ndi ludzu."

Ndinaitenga ntchitoyo ndi mtima wonse. Tinatuluka m'tauni, kulowa msewu wa fumbi lofiira wa ku Molumbo, ine ndikutsina ndi kutaya. Koma pazenera, pamene paipi inkapinda, petulo ankayenderera n'kumatsika m'manja, fungo lake litadzaza m'katimo. Mwana wa m'mimba sanavomereze. Ndinasanza kamodzi pazenera, kachiwiri pamiyendo, kenako msewu unayamba kuzungulira, ndinangomva galimoto yaima ndipo wina akundikupiza ndi chipewa. Anandigoneka kumbuyo pamphasa, pamphepo. A Wayisoni, katswiri wa ku Beira, anali kutali akugulitsa masiketi. Mumsewumo simunkadutsa munthu.

Paipi inali yofika kutsogolo kokha. Mpando unalipo umodzi, pambali pa mkamwini.

Amayi anandipatsa nkhuku. Anatsika okha, mawondo akulira, kuzungulira mbali ina kuti asadutse pamaso pa bambo a Tadala, n'kukwera kutsogolo. Anafunda chitenje kumutu, kudzikanikiza kuchitseko, nkhope kuzenera. Dzanja lokha ndilo linatuluka n'kugwira paipi.

"Kamuuze kuti ayendetse," anatero.

Ndinakwawa mpaka pakazenera kanga, nkhuku kukhwapa. Tinanyamuka mwamwambo wonse.

"Auzeni atsine."

"Amayi, akuti tsinani."

"Wati chiyani?"

"Tsinani."

Pofika apo injini inali itatsamwa kale. Tinadikira kuti iume, kuliza, kunyamukanso.

"Auzeni ataye."

"Akuti tayani."

"Kamufunse, kwambiri kapena pang'ono?"

Inafa ndi ludzu funso lisanafike. Zinachitika choncho mobwerezabwereza, mtunda umene tinayenda woti nkhuku ija ikanatisiya. Anthu awiri akuluakulu, mapewa atatsala pang'ono kugundana, mawu awo akuyamba atuluka panja, kuzungulira kwa ine, n'kubwereranso. Batire linayamba kulira mwaulesi. Bambo a Tadala anati likafooka kamodzi kena, tidzafunika anthu okankha, ndipo anthu okankha analipo: mayi wapakati, gogo wa mawondo ndi thadzi.

Kenako tinatsetsereka kupita ku kamtsinje kena. Mlatho wake unali mitengo yogoneka, ina itasowa. Tinawoloka bwino mitengo ikulira, n'kuyamba kukwera chitunda cha tsidya linalo, chotalika, chokumbika ndi madzi. Pakati pa chitundacho injini inayamba kudukiza. Mabuleki a Nyalugwe ndinkawadziwa, ankafuna kuwapopa ndi kuwapempherera. Ndinayang'ana kumbuyo n'kuona kamlatho kaja pansi, kopapatiza, ndi miyala m'mbali mwake. Galimoto inaima. Inayamba kubwerera. Ndinatsegula pakamwa kudikira uthenga woti ndipereke.

"Amayi, tayani!"

"Ndataya kale, inu pondani moto!"

Injini inabangula. Matayala onse anayi anakumba dothi, miyala ikuthawira kumbuyo, ndipo Nyalugwe, kamodzi m'moyo wake, anachita zimene zinalembedwa pachitseko. Titafika pamwamba palibe anayang'ana mnzake. Chitenje chinali chitagwera pamapewa ndipo amayi sanachibweze.

"Tsinani pang'ono, amayi."

"Chonchi?"

"Chomwecho."

Ine ndinatseka kazenera kanga n'kukhala pansi ndi nkhuku. Ndinkangoona mitu iwiri ndi milomo ikuyenda. Poyamba inkayenda mwachidule, mawu a paipi okhaokha. Titaima kuti tisinthe chigubu, ndinamva amayi akunena kuti injini ikafuna kutsamwa imayamba yanjenjemera pansi pa mpando, ndiye asavutike kunena, iwo aziimva okha. Bambo a Tadala anati ndi zoona, iwo amaimvera pa chiwongolero. Zala za amayi zinali zitayera mbuu ndi petulo, khungu likusupuka. Bambo a Tadala anang'amba mkono wa malaya awo n'kuwapatsa kuti akulunge, kuwapatsa m'manja, osadzera kwa ine. Injini sinafenso mpaka tinafika.

Mudziwo tinaupeza pofunsa. Titakhota pa mtengo wa mango umene anatiuza, ndinaona anthu atakhala pabwalo, amuna mbali yawo, akazi pakhonde. Ndinaopa kuti tachedwa. Bambo a Tadala anazimitsa injini ndipo tonse tinamvetsera. Kunalibe kulira. Amayi anatsika osadikira kugwiridwa dzanja, mawondo aja ataiwalika, ine ndikuwatsatira.

M'nyumbamo munali mdima ndi fungo la matenda. Pamphasa panagona kamunthu kakang'ono, koti sindikanakhulupirira kuti ndi mng'ono wa amayi anga ojintcha aja. Maso anali otseka. Amayi anagwada n'kuwagwira pamphumi ndi dzanja lokulunga lija. Mphuno ya wodwalayo inakwinyika.

"Ndani ameneyu wonunkha ngati nyali?" anafunsa m'Chilomwe, mawu ngati a mwana.

"Ndine Malita, mkulu wako."

Maso anatseguka. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Wakalamba," anatero a Rozina.

"Iwe ndiye wasanduka namwali?"

Anaseka onse awiri, kuseka kosanduka kulira, ndipo ine ndinatuluka chifukwa sindikanatha kupirira. Panja ndinapeza bambo a Tadala atatsamira Nyalugwe, akupukuta m'maso ndi mkono wa malaya umene unatsala. Anati ndi fumbi.

A Rozina anakana kuti nkhuku iphedwe. Anati alibe mano oidyera, phala likwanira. Analawa kalongonda kamodzi, kumwa tiyi wa shuga wochokera m'katoni yobooka, ndipo amayi anawasambitsa ndi sopo wodulidwa pakona. Anacheza tsiku lonse Loweruka, kuwerengerana akufa ndi amoyo. Lamulungu m'mawa, monga ananenera wapanjinga uja, anapita, mutu uli pamiyendo ya amayi. Amayi analira kwambiri, koma analira munthu amene anamuona.

Titaika maliro, tsiku loti tibwerere, ndinadzuka n'kupeza nthenga zakuda kuseri kwa nyumba. Amayi anali pamoto okha, atakana thandizo la aliyense. Bambo a Tadala anali pansi pa mango, akumanga chigubu padenga. Nkhuku itapsa amayi anaipakula yonse m'mbale, ndi chiwindi ndi nthutumba zomwe, n'kuvundikira. Ine ndinatambasula manja kuti ndilandire, mwachizolowezi. Anandidutsa ngati chitsa.

Anayenda bwalo lonse ndi mawondo awo aja, anthu akuona, mpaka pansi pa mango. Bambo a Tadala anatsika padenga mofulumira, kuyang'ana uku ndi uku, koma chinangwa chothawiramo panalibe. Anavula chipewa n'kunjuta. Amayi anaika mbale pamaso pawo ndi zala zosupuka zija.

"Idyani, bambo. Mwandionetsa m'bale wanga."

"Zikomo, amayi."

Amayi anaimabe pomwepo, akuyang'ana galimoto kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Zaka zonse zija anali akusunga mawu, ndipo tsopano msewu unali wotseguka.

"Koma ngolo yanuyi ndi yachabechabe."

"Ndi zoona, amayi."

"Ndipo malata aja ndikuwafunabe."

"Ndamva, amayi."

"Idyani msanga, isazizire. Paipi ija mwaisiya pati?"

Pobwerera ine ndinakhala kumbuyo pamphasa, ndekha, wopanda nkhuku, wopanda ntchito. Kutsogoloko ankacheza njira yonse, ndipo titayandikira Muloza ndinamva dzina langa, kenako onse awiri akuseka. Ndinagogoda pagalasi kuti ndimve nawo. Amayi anatembenuka, paipi ili m'manja, n'kunditsekera kazenera.